Khansa ya m'mawere kwa amayi achikulire amene chitetezo cha m'thupi chinawaukira

Pali matenda amene asilikali a m'thupi amasiya kulimbana ndi tizilombo n'kuyamba kuwononga thupi la mwini wake, monga nyamakazi yotupitsa mfundo za zala, lupus (imene imagwira khungu, mfundo ndi ziwalo zam'kati) ndi scleroderma (imene imaumitsa khungu). Matendawa amagwira kwambiri akazi, choncho si zachilendo kuti mayi wa zaka 65 kapena 70 apezeke ndi khansa ya m'mawere ali kale pa mankhwala a nyamakazi. Chimodzi mwa zimene zimaika moyo wake pachiswe ndi kulephera kumaliza chithandizo, chifukwa mankhwala a matenda awiriwa amatha kuwombana.

Taonani letrozole kapena anastrozole, mapiritsi amene amayi osiya kusamba amamwa kwa zaka 5 kapena kupitirira kuti khansa isabwerere. Mapiritsiwa amaumitsa mfundo, moti mayi amadzuka m'mawa zala zikukanika kugwira chikho, ndipo poona kuti wavutika kale ndi nyamakazi amangowasiya mwakachetechete. Kumeneku ndiko kulakwitsa kwakukulu. Dokotala akauzidwa amatha kusintha mtundu wa piritsi kapena kuchepetsa ululuwo mwanjira ina. Mapiritsi omwewa amafewetsa mafupa, monga amachitiranso prednisolone, mankhwala ochepetsa kutupa amene odwala nyamakazi ndi lupus amamwa, kotero wolandira zonse ziwiri apemphe kuti ayezedwe mafupa.

Mtima nawo usaiwalidwe, pakuti nyamakazi ndi lupus zimawonjezera chiopsezo cha matenda a mtima, pomwe mankhwala a khansa a doxorubicin ndi trastuzumab amatha kuufooketsa. Tamoxifen, piritsi lina loteteza kuti khansa isabwerere, amachulukitsa vuto la kuundana kwa magazi, limene ena odwala lupus amakhala nalo kale. Odwala scleroderma auze dokotala msanga za matendawa asanayambe radiotherapy (chithandizo chowotcha khansa ndi cheza), chifukwa khungu la pachifuwa limatha kuuma ndi kukhwimitsitsa. Pembrolizumab, amene amadzutsa chitetezo kuti chimenye khansa, amathanso kudzutsa matenda akale aja.

Tsono amayi, ndi inu amene mukuwasamalira, tsiku loyamba kukaonana ndi dokotala wa khansa nyamulani mankhwala onse m'mapaketi mwake, osaiwala methotrexate wa nyamakazi ngakhale amamwedwa kamodzi pa sabata, ndipo pemphani kuti alumikizane ndi dokotala wa nyamakazi chithandizo chisanayambe. Prednisolone musamusiye mwadzidzidzi, amachepetsedwa pang'onopang'ono motsogozedwa ndi dokotala. Thupi likatentha kufika madigiri 38 muli pa chemotherapy (mankhwala amphamvu opha maselo a khansa), pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale ndi usiku.