Makompyuta akale a mu ofesi asatayidwe: alumikizeni ku seva ndi Remmina

Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo kompyuta yopanda TPM 2.0 (kachipangizo ka chitetezo ka m'kati mwa kompyuta) siloledwa kulandira Windows 11. Ngati muli ndi ofesi pa Nchalo, Ngabu kapena Bangula, musathamangire kugula makompyuta atsopano. Gulani imodzi yamphamvu ikhale seva, akalewo azingoonetsa ntchito yochitikira pa sevayo.

Pa kompyuta yakale iliyonse, ngakhale ya RAM ya 2 GB, ikani Debian (mtundu wa Linux, wolowa m'malo mwa Windows) ndi Remmina (pulogalamu yolumikizira kompyutayo ku seva). Zonsezi n'zaulere. Seva ya anthu asanu olemba makalata ndi kuwerengera ndalama ikhale ndi RAM ya 16 GB ndi SSD. Lumikizani zonse ndi mawaya a Cat6 pa switch (kabokosi kolumikizira mawaya a makompyuta onse), osati Wi-Fi. Mu Remmina sankhani RDP (njira yolowera pa kompyuta ina muli patali), lembani IP (adiresi) ya seva, dzina ndi password. Chithunzi chikamadukaduka, tsitsani mitundu ifike pa 16-bit.

Pa layisensi m'pamene ambiri amapunthwa. Remmina kukhala yaulere sikuti seva nayonso ndi yaulere. Windows 11 Pro imalola munthu mmodzi yekha nthawi imodzi. Wachiwiri akalowa, woyamba amatulutsidwa. Windows Server imalola ambiri, koma mudzalipira layisensi yotchedwa RDS CAL pa munthu kapena pa kompyuta iliyonse. Ngati ntchito yanu imatheka ndi LibreOffice ndi browser, ikani Linux ndi xrdp (pulogalamu yolandira olowa kudzera pa RDP) pa seva, ndipo simudzalipira layisensi n'komwe. Sikirini yakuda pa xrdp kawirikawiri imabwera chifukwa dzina lomwelo lalowa kale pa seva penipenipo, litulutseni kaye.

Seva ikazima, ofesi yonse yaima. Kuno kuchigwa cha Shire kutentha kumapitirira madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala, choncho musaitsekere m'kabati. Iikeni pamalo popita mphepo, pashelefu yam'mwamba pomwe madzi osefukira sangafike, ndipo muzipukuta fumbi la pa fani mwezi ndi mwezi. UPS (batire yosunga magetsi) igwire seva ndi switch yomwe, magetsi a ESCOM akathima. Mafayilo muzikopera pa disiki ina Lachisanu lililonse, ikagone kunyumba ina.

Wogwira ntchito ali ku Nsanje alowe kudzera pa WireGuard, pulogalamu yolumikizira ku ofesi motetezeka pa intaneti. Port 3389, yomwe ndi khomo la RDP, musaitsegulire pa intaneti, chifukwa akuba amaisakasaka usana ndi usiku.