Fomu ya pa foni izipangidwa poganizira kumunda

Anzanga alangizi ndi inu amene mumatikonzera mafomu a kafukufuku, masiku ano mapepala akutha, zambiri tikulembera pa foni kapena pa tabuleti, olo kalembera wa anthu wa 2018 uja anayendera matabuleti omwewa. Mapulogalamu odzazira mafomu pa foni monga ODK Collect ndi KoboCollect amagwira ntchito popanda netiweki, umadzaza fomu kumunda n'kudzatumiza ukafika pomwe ikugwira. Koma chimandiwawa n'chakuti fomu zambiri amazikonza munthu ali pa laputopu mu ofesi, ndiye zikafika ku Bembeke kapena ku Mayani zimazunza mlangizi ndi mlimi yemwe.

Taganizani mlangizi ali mu mzere wa mbatatesi m'mawa, dzanja lina wagwira tsamba logwidwa ndi chiwawu, lina foni, zala zanyowa ndi mame ndipo sikirini simamva bwino chala chonyowa. Munthu ameneyu musamuuze kuti alembe chiganizo. Mabatani akhale akuluakulu odina ndi chala chachikulu, funso limodzi pa sikirini, zilembo zakuda pamalo oyera kuti ziwerengeke padzuwa la Okutobala.

Pomwe manambala amaonongekera kwambiri ndi pa miyeso. Fomu imafunsa mahekitala ndi makilogalamu, pomwe mayi wa ku Linthipe akuuzani kuti munda ndi maekala awiri, chimanga anakolola ngolo zitatu, nyemba ndowa zinayi. Mlangizi akayamba kusintha pamutu pomwepo, hekitala imodzi ndi maekala pafupifupi 2.5, wina achulukitsa wina agawa, basi zonse zasokonekera ndipo palibe adzadziwe. Ikani malo awiri, pena nambala pena muyeso womwe mlimi watchula, masamuwo fomu ipange yokha chifukwa mapulogalamuwa amatha. Ndipo ifunsenso kuti chimangacho n'chotonola kapena chachitsononkho, komanso thumba lake ndi liti, poti thumba la mbatatesi lomwe mavenda amasokerera pamwamba lija si la 50 kg ayi.

Mafunso alembedwe m'Chichewa mu fomu momwemo, osati aliyense azimasulira yekha pamaso pa mlimi. Pakhale yankho loti "sindikudziwa" ndi loti "sindikufuna kuyankha", apo ayi fomu ikakana kupitirira anthu amangoikapo nambala yabodza. Munthu akati alibe ng'ombe, mafunso onse a ng'ombe adumphidwe okha, musamuchedwetse ali ndi kupalira.

Ife a m'malire tili ndi lathu vuto, msewu wa M1 kuchoka ku Dedza kupita ku Lizulu wayenda m'malire enieni, foni imatha kugwira netiweki ya ku Mozambique, ndiye zimitsani roaming, yomwe imalola foni kugwiritsa ntchito netiweki ya dziko lina. GPS, yomwe fomu imalembera malo pomwe mwaima, siifuna bandulo koma imafuna kumwamba koyera, tulukani pansi pa mtengo wa mango kapena denga la malata mudikire pang'ono. Imadyanso batire, pawabanki isatsale.

Fomu isanagawidwe kwa onse, ikayesedwe kaye ndi alimi angapo kumunda kwenikweni, wokonzayo ayime pambali aone pomwe mlangizi akukakamira ndi pomwe mlimi akuti "mwati bwanji?", akakonze pamenepo. Ndipo sikirini yoyamba ikhale yofotokoza kuti kafukufukuyu ndi wa chiyani, kupempha chilolezo, ndi kunena poyera kuti si kalembera wa makuponi, chifukwa mlimi akaganiza choncho mayankho ake amasintha.