Kugula kulikonse kukhale ndi mzere wake

Ngati mumagula masheya, musamaike kampani pamzere umodzi n'kumangosintha manambala mukagulanso. Tsiku logulitsa mudzasowa pogwira. Mu Excel kapena Google Sheets, kugula kulikonse kukhale ndi mzere wake: tsiku, kampani, kuchuluka kwa masheya, mtengo, komanso ndalama zimene broker (amene amakugulirani masheya pamsika) wakudulani. Zodulidwazi ambiri amaziiwala, phindu n'kumaoneka lonenepa chikhalirecho ndi lowonda.

Patsamba lachiwiri, fomula ya SUMIF (yowonkhetsa manambala a m'mizere yokhayo yogwirizana ndi chimene mwasankha) iwonkhetse zonse za kampani iliyonse. Ndalama zonsezo muzigawe ndi masheya onse amene munagula, mupeza mtengo weniweni umene munagulira sheya imodzi. Mu Google Sheets mtengo walero ungabwere wokha kudzera pa fomula ya GOOGLEFINANCE, kungoti umatha kuchedwa mphindi 20, ndipo misika ina mulibemo. Ma dividend (gawo la phindu limene kampani imapereka kwa eni masheya) muziwalemba padera.