Kuluka chipewa ndi ulusi wophwasula pa juzi ya pa kaunjika

Anzanga a kuno ku Dedza mukudziwa nokha mmene June ndi July amatipwetekera, makamaka ife timadzuka m'bandakucha kukathirira kabichi ndi kachewere ku dimba, makutu mpaka kuuma. Wulu watsopano wa m'shopu ndi wodula ndipo kampira kamodzi sikafika patali, nde njira yotchipa ndi kugula juzi ya pa kaunjika n'kuiphwasula. Ngati n'kotheka gulani mu March kapena April kusanayambe kuzizira, chifukwa chisanu chikangolowa ogulitsa pa Lizulu kaya pa Chimbiya amakweza.

Nkhani yonse yagona posankha juziyo. Musayang'ane kukongola, itembenuzeni muone msoko wa m'mbali ndi wa m'manja. Mukaona msoko wa ovaloko, uja m'mphepete anadula n'kukulunga ndi ulusi wa makina, isiyeni ngakhale akutsitsireni mtengo, imeneyo ikupatsani tizidutswa tokhatokha mzere uliwonse wodukaduka. Yabwino ndi ija mbali ziwiri anangozilumikiza ndi kamsoko kooneka ngati tcheni, mukapeza nsonga yake n'kukoka kamangosomoka kokha mpaka pansi. Siyaninso yaubweya wambiri ndi ija inachapidwa mpaka masitichi (timaso ta ulusi wolukidwa) anagwirana osaonekanso, sizimasuka zimenezo. Bola juzi yaikulu yachibambo ya ulusi wonenepa, ngakhale ikhale yobooka pachigongono palibe vuto, ulusi wake ukwana zipewa zingapo.

Kunyumba yambani mwachotsa kolala, kenako manja, kenako mulekanitse kutsogolo ndi kumbuyo. Pophwasula muyambire kumapewa kutsika pansi, poti majuzi ambiri amalukidwa kuchokera pansi kukwera. Ulusi uzituluka wopotanapotana, musalukire pompo ayi chipewa chimadzaoneka chamakwinya. Ukulungeni pa nsana wa mpando, mumange malo anayi ndi kachingwe kuti usasokonekere, muuviike m'madzi ofunda pang'ono a sopo osatikita, mutsukuluze, mufinye mofatsa n'kuyanika pamthunzi mutapachika kabotolo ka madzi pang'ono kumunsi kuti uwongoke. Ukauma ndi pomwe mwaupanga mpira. Ukakhala wowonda kwambiri muphatikize mipira iwiri muzilukira pamodzi.

Singano zolukira musavutike nazo. Za ulusi wowonda sipoko za njinga zimagwira ntchito, mungonola nsonga pamwala isakhale yobaya, kumbuyo kwake mumange rabala wa chubu kuti masitichi asathawe. Za wonenepa semani nsungwi yocheperako kuposa pensulo, muipale bwinobwino ndi sandipepa mpaka isalale, ikatsala ndi tizitsotso imakola ulusi ndipo imatopetsa.

Pano ndi pomwe ambiri amathamanga, koma chonde lukani kaye kachidutswa koyesera. Ikani masitichi 20, mulukeko mizere ingapo, muyeze ndi tepi. Mutu wa munthu wamkulu umakhala cha m'ma 56cm koma chipewa chizikhala chocheperako, cha m'ma 48cm, chifukwa chimatamuka. Ndiye ngati masitichi 20 akupatsani 10cm, chipewa chifuna masitichi 96. Cha khanda lobadwa kumene, lomwe mutu wake umakhala cha m'ma 35cm, muchepetse momwemo ndipo musankhe ulusi wofewa wosayabwa, mwana amataya kutentha kwambiri kudzera m'mutu nchifukwa chake azamba amalimbikira za kachipewa.

Mukaika masitichi a chipewa pa singano, lukani masitichi awiri kutsogolo awiri kumbuyo, mzere wobwerera mutsatire mmene masitichi akuonekera, mpaka chitalike 20cm, kapena kupitirira ngati mukufuna chopinda m'makutu, ine ndimakonda chopindacho chifukwa mphepo ya ku Bembeke siyamasewera. Mukafika pamenepo lukani masitichi awiriawiri pamodzi mzere wonse, wobwerera muluke wamba, mubwerezenso mpaka atsale cha m'ma 12. Dulani ulusi mutasiya wautali, muulowetse m'masitichi otsalawo ndi singano yaikulu ija timasokera matumba, mukoke zolimba, ndipo ulusi womwewo musokere m'mbali kutsika mpaka pansi.

Ulusi wotsala musataye, mitundu yosiyanasiyana ikaphatikizana imatulutsa sikafu yamizeremizere yokongola, ndipo anyamata a kabaza amaifuna kwambiri m'mawa. Tizidutswa tatifupi ndi nsanza za kolala muzilowetse pa thumba la fetereza lochapa bwino mupange chopondera cha pakhomo. Zipewa zogulitsa mulukiretu mu May mukangomaliza kukolola, ndipo mitundu yakuda ndi yabuluu ichuluke poti ana asukulu ndi azibambo amatenga imeneyo msanga.