Momwe mungadziwire kolache yabwino m'sitolo ya madonati ku Texas

Masitolo ambiri a madonati ku Houston, Dallas ndi Austin, mizinda ya ku Texas m'dziko la America, amalemba pachikwangwani kuti ali ndi kolache. Mukalowa mumapeza kabuledi kotalika kokhala ndi soseji mkati. Kamakoma ndithu, koma dzina lake lenileni ndi klobasnek. Kolache, yomwe ku Czech Republic amati koláč, ndi yotsekemera, yophikidwa mu uvuni, ndipo pakati pake pali kadzenje kodzaza zipatso, tchizi kapena nthangala za duwa lotchedwa poppy. Dzinali limachokera ku mawu oti kolo, kutanthauza gudumu. Anabwera nayo anthu ochokera ku Moravia ndi Bohemia, madera amene lero ali mu Czech Republic, amene anayamba kukhazikika ku Texas m'zaka za m'ma 1850. Klobasnek ya soseji inatchuka ku Texas komweko, ndipo ambiri amati inayambira ku Village Bakery ya m'tauni ya West, yomwe inatsegulidwa mu 1952.

Lawirirani. Masitolowa amatsegula cha m'ma 5 koloko m'mawa ndipo ambiri amatseka masana. Fikani nthawi isanakwane 8 koloko, chifukwa mtanda wa yisiti wokhala ndi batala umayamba kuuma pakangopita maola ochepa, ndipo mukafika 11 koloko mudzaweruza wophika ndi zotsala.

Musanagule, funsani mafunso awiri mwaulemu: kodi mtanda amakanda okha pomwepo, ndipo kodi kolache zaphikidwa lero? Ena amagula mtanda wozizitsidwa kale, ena amangotenga mtanda womwewo wa madonati n'kuuika mu uvuni. Apa ndiye pagona nkhani. Mtanda wa donati umakonzedwa kuti ukazingidwe m'mafuta otentha ngati mandasi, ndipo gawo lina la kukoma kwake limachokera ku mafutawo. Ukalowa mu uvuni umatuluka wotuwa, wouma msanga, wopanda fungo. Mtanda wa kolache umakhala ndi mafuta ake kale: pa ufa wa tirigu magalamu 500 pamapita mkaka pafupifupi mamililita 250, batala magalamu 80 mpaka 100, shuga magalamu 70, ndi yolk (chachikasu cha m'kati) ya mazira awiri. Umasiyidwa kuti ufufume kawiri kapena katatu, kenaka umaphikidwa pa madigiri a Celsius 180 mpaka 190 kwa mphindi 15 kapena kupitirirapo pang'ono.

Gulani zitatu zokha poyamba: imodzi ya zipatso, imodzi ya tchizi, ndi klobasnek imodzi. Wogulitsa akafunsa ngati akutenthetsereni mu microwave, kanani pa zotsekemerazo. Microwave imafewetsa chilichonse kwa mphindi ziwiri, ngakhale buledi wogona, kenaka mtanda umalimba ngati mphira.

Yang'anani ndi maso musanalume. Pamwamba pakhale pofiirira pang'ono komanso pong'azima chifukwa cha batala wopakidwa itangotuluka mu uvuni. M'mbali mukhale moyera ndi mofewa, chifukwa ku Texas amaziyandikiza mu thireyi kuti zigundane pofufuma, n'chifukwa chake zambiri zimaoneka zamakona anayi. Itembenuzeni. Pansi pakakhala poyera ndi ponyowa ndiye kuti sinapse, kapena anaiika m'bokosi ikadali yotentha n'kuchita thukuta. Kenaka dinani m'mphepete ndi chala. Yabwino imabwerera pang'onopang'ono. Ikatsala ndi dzenje, mkati ndi mwauwisi. Ikakana kudinika, ufa unachuluka kapena yagona. Mukainyema pakati izing'ambika ngati thonje, osati kuyoyoka.

Zapakati zimaulula khama la wophika kuposa china chilichonse. Zachikhalidwe ndi zinayi: maplamu ouma ophikidwa mpaka kukhala phala lakuda lomwe amati povidla, ma apricot, tchizi woyera wowawasa pang'ono wotchedwa tvaroh, ndi mák, nthangala za poppy zogayidwa n'kuphikidwa ndi mkaka ndi shuga. Sitolo ikakhala ndi ya maplamu kapena ya poppy, ndi chizindikiro chabwino, popeza izi sizithamangiridwa ndi makasitomala wamba ndipo amene amaziphika amakhala akudziwa mwambo wake. Poppy akalumika ngati mchenga ndiye kuti sanagayidwe, ndipo akamawawa ndiye kuti nthangalazo zakhalitsa, mafuta ake awonongeka. Chenjerani ndi zofiira zowala ngati galasi. Zimenezo kawirikawiri zimachokera m'chitini, shuga ndi sitachi zili thoo, chipatso chake n'chongowerenga. Zamadzimadzi zimasefukira pophika n'kunyowetsa mtanda, pomwe zophikidwa bwino zimakhala phee m'kadzenje ngakhale mutapendeketsa. Tchizi wa ku Texas nthawi zambiri amakhala cream cheese m'malo mwa tvaroh, ndipo palibe cholakwika bola kuwawasa kwake kuzimveka, asakhale shuga yekhayekha. Pamwamba fufuzani posypka, timibulu ta ufa, shuga ndi batala. Tikasowa sikuti kolacheyo ndi yabodza, koma tikakhalapo ndi umboni woti wophika sanadule njira.

Klobasnek iweruzeni ndi soseji yake. Ikhale ya nyama yogayidwa mokhakhala, yofukizidwa utsi, ya adyo ndi tsabola, khungu lake lothetheka polumidwa. Ya hot dog yosalala imakhutitsa basi. Mpata waung'ono pakati pa soseji ndi mtanda umabwera chifukwa cha nthunzi, musadandaule nawo, koma mtanda wokhudzana ndi nyama usakhale wonanda. Masitolo ambiri a madonati ku Texas amayendetsedwa ndi mabanja ochokera ku Cambodia, ndipo kumbali ya Houston ena amaikamo boudin, soseji ya mpunga ndi nkhumba ya ku Louisiana. Si yachicheki, koma ndi yoyenera kulawa.

Zotsala muziike m'chotengera chotseka bwino, za tchizi ndi za nyama mufiriji. Pozitenthetsa zikulungeni m'foyilo, muziike mu uvuni pa madigiri 150 kwa mphindi 8 mpaka 10.

Lilime limafuna poyerekezera, choncho kamodzi kokha pitani kwa eni mwambo. Pamsewu wa I-35 pakati pa Dallas ndi Austin pali Czech Stop ku West. Pamsewu wa 71 pakati pa Austin ndi Columbus pali Weikel's ku La Grange ndi Hruska's ku Ellinger. Ku Caldwell kumachitika chikondwerero cha kolache mwezi wa Seputembala chaka chilichonse. Kumeneko gulani ya maplamu ndi ya poppy, mudye zikadali zofunda, kenaka mubwerere kusitolo ya kwanuko mukagule mitundu yomweyo ngati ilipo.