Kupita ku Victoria Falls ndi wotsogolera kuchokera ku Joni

Achimwene, mwafunsa mmene gulu lanu la kutchalitchi lingakaonere mathithi a Victoria Falls. Yambani ndi mapepala. Pasipoti ya Malawi siifuna viza polowa m'Zimbabwe, koma aliyense aone kaye ngati pemiti yake ya kuno ku South Africa ikadali ndi masiku. Amene masiku ake anapitirira asanyamuke, chifukwa pachipata amudinda chidindo chomuletsa kubwereranso. Pamenepa musachite manyazi, funsani mmodzimmodzi.

Kenako pezani kampani yolembetsedwa, ikulembereni zonse zimene mtengo wake ukuphatikiza: ndege, kogona, wotsogolera ndi ndalama yolowera. Ndege yochokera ku OR Tambo siikwanitsa maola awiri. Basi ya pa Park Station, yodzera ku Beitbridge ndi Bulawayo, ndi yotchipa koma mumafika misana itauma.

Sankhani nyengo. Mu Epulo ndi Meyi madzi a Zambezi amakhala ochuluka, nthunzi yake imanyowetsa zovala mpaka mkati, ndiye foni ikulungeni m'jumbo. Mu Novembala madzi amachepa, miyala imaoneka bwino.

Pageti lolowera kumathithi onetsani pasipoti, anthu a m'maiko a SADC amalipira zochepa. Wotsogolerayo mumupemphe akufikitseni pa chipilala cha David Livingstone, amene anafika pamathithiwa mu 1855.