Momwe mungagulire nyumba ku Groningen, kuyambira ku banki mpaka kulandira makiyi

Aliyense amene adakhalapo pa lendi ku Groningen amaudziwa mwezi wa Ogasiti. Ophunzira amakhamukira mumzinda ndi zikwama kumsana, zipinda zimatha ngati mandasi pa depoti, ndipo eni nyumba sasowa wowalipira. Mzindawu uli kumpoto kwa dziko la Netherlands. Yunivesite yake idayamba mu 1614, ndipo mukaphatikiza ndi sukulu ya Hanze, ophunzira amapitirira 50,000 pa anthu pafupifupi 240,000. N'chifukwa chake munthu amene wapeza ntchito yokhazikika ku chipatala chachikulu cha UMCG kapena ku Zernike, kumene kuli nthambi zambiri za yunivesite, amayamba kudzifunsa kuti lendi yonseyi bwanji osamalipirira nyumba yakeyake.

Lamulo la kuno sililetsa mlendo kugula nyumba. Amene amakulolani kapena kukukanizani ndi a banki, choncho ulendo uyambire kumeneko, musanatsegule n'komwe Funda, tsamba la pa intaneti lomwe pafupifupi nyumba zonse zogulitsa zimaikidwapo.

Yambani ndi ndalama

Pitani kwa mlangizi wa ngongole za nyumba, yemwe kuno amamutcha hypotheekadviseur. Ambiri salipiritsa ulendo woyamba. Tengani pasipoti, chilolezo chokhalira m'dziko, chikalata cha malipiro anu a pamwezi, ndi kalata yochokera kwa abwana yotchedwa werkgeversverklaring. Ngati kontrakiti yanu ili ndi malire a zaka, funsani abwana ngati angalembemo kuti ali ndi cholinga chokusungani pa ntchito. Mawu ochepawo amasintha nkhope ya banki. Amene akuchita PhD akulandira malipiro ngati wantchito wa yunivesite ali ndi mwayi kuposa amene akudalira sikolashipu, pakuti sikolashipu mabanki ambiri saiwerenga ngati malipiro.

Ngongole zanu zambiri zimaoneka ku bungwe la BKR, lomwe limasunga kaundula wa ngongole za anthu, ngakhale foni yomwe mukulipira pang'onopang'ono. Iliyonse imachepetsa ndalama zomwe angakubwerekeni, ndiye zing'onozing'ono zibwezeni kaye.

Kuyambira 2018, banki imabwereka ndalama zosapitirira mtengo weniweni wa nyumba monga wauonera wowerengera mitengo, taxateur. Zina zonse zimachokera m'thumba mwanu. Mukaona zilembo k.k. pambali pa mtengo, akutanthauza kuti zolipira zapambali ndi za wogula: msonkho wosinthira umwini womwe ndi 2 peresenti ya mtengo, ndalama za notaris (katswiri wa malamulo wolemba zikalata za umwini), za taxateur, za mlangizi uja, ndi za katswiri wofufuza nyumba. Ngati simunakwanitse zaka 35 ndipo mudzakhalamo inuyo mwini wake, boma limakukhululukirani msonkho wa 2 peresentiwo kamodzi pa moyo wanu, bola mtengo usapitirire malire omwe amasintha chaka ndi chaka. Mu 2025 malirewo anali €525,000.

Funsaninso za NHG. Ichi ndi chitetezo chomwe chimathandiza kulipira ngongole yotsala ngati mwakakamizika kugulitsa nyumba motsika chifukwa ntchito yatha, banja latha, mwadwala kosagwiranso ntchito kapena mnzanu wamwalira. Chimatsitsanso chiwongoladzanja. Mu 2025 chinkagwira pa nyumba za mtengo wosapitirira €450,000. Kwa ife ochokera kunja kwa Ulaya, chilolezo chathu chokhalira m'dziko chimayenera kukhala chosatha kapena choperekedwa pa chifukwa chomwe si chongoyembekezera. Chilolezo cha sukulu sichikwanira.

Pali nkhani ina yomwe imagwetsa abale athu. Ngati ndalama zina zikuchokera kumudzi, kaya mwagulitsa puloti kapena makolo akuthandizani, banki ndi notaris adzafuna umboni wa komwe zachokera. Lamulo loletsa kuyeretsa ndalama zakuba limawakakamiza kutero, si kuti akukukayikirani inuyo. Sungani chikalata chogulitsira pulotiyo ndi masitetimenti a ku banki, ndipo ndalamazo zidutse m'banki, osati m'matumba a anthu apaulendo. Yambani msanga, pakuti kutulutsa ndalama zakunja ku Malawi nakonso kuli ndi malamulo ake ndipo kumadya nthawi.

Kusankha dera, komwe kuli nkhani yonse

Khitchini yoipa mutha kuikonza, koma dera simungalisunthe. Ine ndimalangiza anthu kuti asanakonde nyumba iliyonse, akwere njinga. Groningen ndi mzinda wa njinga, ndipo mtunda pano sauyeza ndi makilomita. Amauyeza ndi mphindi zopalasa mu Januwale, kuli mdima, mvula ikuwaza ndi mphepo ikukuombani kumaso.

Pakati pa mzinda, kuzungulira Grote Markt ndi nsanja ya Martinitoren, ndi pokongola ndipo chilichonse chili pafupi, koma usiku si wanu. Lachinayi ndi usiku wa ophunzira, ndipo malo omwera kuno amatseka mochedwa kwambiri. Schildersbuurt ndi Oranjebuurt, pafupi ndi paki ya Noorderplantsoen, ali ndi nyumba zakale zokongola komanso zodula. Ku Schildersbuurt nyumba zambiri zidagawidwa zipinda za ophunzira, moti mutha kugula nyumba yabwino koma khoma limodzi mukugawana ndi anyamata asanu ndi atatu. Korrewegwijk nako kuli ophunzira ambiri. Chizindikiro n'chosavuta: werengani njinga zotsamira pakhomo ndi mabelu pachitseko. Mukapeza njinga khumi pa khomo limodzi, mwadziwa kale anansi anu. Sindikunena kuti ophunzira ndi anthu oipa. Ambiri ndi aulemu, ndipo mukawadandaulira amatsitsa wailesi. Koma chaka chilichonse amalowa atsopano, ndipo madandaulo aja mumayambiranso. Munthu amene ali ndi khanda kapena amagwira ntchito usiku ku chipatala aganizepo bwino.

Kumpoto kuli Paddepoel ndi Selwerd, madera omwe adamangidwa m'zaka za m'ma 1960. Alibe kukongola kwa pa chithunzi, koma mitengo ndi yofikirika, Zernike ili pamphuno, ndipo kumakhala anthu a mitundu yambiri, moti mwana wanu sakhala yekha wakhungu lakuda m'kalasi. Kwa ine chimenechi si chaching'ono. Vinkhuizen, chakumadzulo, ndi wofanana nawo. Reitdiep ndi watsopano, wabata, wokondedwa ndi mabanja, ndipo mtengo wake umasonyeza zimenezo.

Beijum ndi Lewenborg ali kumpoto chakum'mawa, kutsidya kwa ngalande yaikulu ya Van Starkenborghkanaal. Kumeneko ndalama zomwe zingakugulireni fulati yaing'ono pafupi ndi tauni zimatha kukupatsani nyumba ya zipinda zingapo ndi kadimba kumbuyo, koti n'kudzalamo nkhwani m'chilimwe. Pakati pa madera awiriwa pali Kardinge, malo a masewera ndi tchire loyendamo. Anthu ena amawanyoza maderawa, koma misewu yake imasiyana kwambiri, wina wabata ngati kumudzi, wina wosokosera, ndiye musaweruze ndi mphekesera. Yendanimo nokha. Yang'ananinso njira yanu ya ku ntchito: mu 2021 sitima ya pamadzi idagunda mlatho wa Gerrit Krol, womwe opalasa ambiri a kumeneko ankadutsapo, ndipo ulendo wa tsiku ndi tsiku udasokonekera kwa zaka.

Ogwira ntchito ku UMCG amakonda Oosterparkwijk chifukwa amangoyenda wapansi. Kumwera kuli Helpman, dera la mitengo yambiri ndi sitolo zakezake, ndipo kupitirira apo kuli Haren, komwe kunali boma lapadera mpaka 2019 ndipo ndi kwa anthu a ndalama. Meerstad, kum'mawa, akumangabe m'mbali mwa nyanja yokumba. Nyumba zake sizidya gasi wambiri, koma tauni italikira.

Mukasankha madera awiri kapena atatu, pitaniko katatu: m'mawa pa nthawi yopita ku sukulu, Lachinayi cha m'ma 11 koloko usiku, ndi Loweruka masana. Lankhulani ndi munthu amene akuyendetsa galu kapena akutaya zinyalala. Anthu a kuno sazungulira polankhula. Mukawafunsa za phokoso, za poimika galimoto kapena za sukulu ya ana, amakuuzani momwe zilili.

Kukaona nyumba

Ejenti amene akukuonetsani nyumba, makelaar, amagwirira ntchito wogulitsa, ngakhale amwetulire chotani. Mutha kulemba wanu, aankoopmakelaar. Amalipiritsa, koma kwa munthu amene Chidatchi sichinakhazikike ndimaona kuti ndalamazo sizipita pachabe.

Nthawi yoonera imakhala yochepa, ndiye pemphani mapepala musanapite. Onani kalasi ya nyumbayo pa kusunga kutentha, kuyambira A mpaka G. Nyumba ya F kapena G imaoneka yotsika mtengo mpaka bilu ya gasi ya m'nyengo yozizira itafika. Werengani mafunso omwe wogulitsa adayankha okhudza zolakwika zomwe akuzidziwa, komanso mndandanda wa katundu wotsala ndi wochoka. Nyumba zomangidwa chaka cha 1994 chisanafike zitha kukhala ndi asibesitosi.

Ngati ndi fulati, kapena nyumba ya pamwamba pa ina monga zilili zambiri m'madera akale, mumalowa m'bungwe la eni nyumba lotchedwa VvE, mufune musafune. Funsani kuti amasonkha zingati pamwezi, m'thumba mwawo muli zingati, ndipo ali ndi dongosolo lokonzera denga ndi mawindo m'zaka zikubwerazi kapena ayi. Bungwe logona, lopanda ndalama, ndi chikomekome cha mkuyu: tsiku lomwe denga lidzadonthe adzakugogodani kuti mupereke masauzande nthawi imodzi.

Groningen ilinso ndi nkhani yakeyake, zivomezi. Gasi yemwe adapezeka ku Slochteren mu 1959 adalemeretsa dziko, koma kumupopa kudagwedeza nthaka. Chivomezi cha ku Huizinge mu 2012 chidafika pa 3.6 pa sikelo ya Richter, ndipo mgodi wa gasiwo udatsekedwa kotheratu mu 2024. Kuonongeka kwakukulu kuli m'midzi ya kumpoto chakum'mawa, mbali ya Loppersum ndi Ten Boer, koma ming'alu imapezekanso mumzinda. Funsani ngati mwini nyumba adakadandaulapo ku bungwe la IMG, lomwe limaona za nyumba zoonongeka ndi zivomezizi, ngati adalandira chipukutamisozi, ndipo ngati ndalamazo adakonzeradi nyumbayo.

Kupereka mtengo

Nthawi zambiri makelaar amaika tsiku ndi ola loti onse ofuna atumize mitengo yawo mobisa. Mtengo wa pa Funda nthawi zambiri umangokhala poyambira, ndipo anthu amapereka kuposa pamenepo. Apa mpofunika masamu ozizira. Tiyerekeze kuti nyumba ikuitanidwa €300,000, inu mwapereka €325,000, koma taxateur wanena kuti ndi ya €310,000. Banki idzaima pa €310,000, ndipo €15,000 yotsalayo ndi yanu, kuwonjezera pa zolipira zija.

Polemba mtengo, ikanimo mfundo ziwiri zokutetezani: kuti mgwirizano ufe ngati banki yakana ngongole pofika tsiku lakuti, komanso ngati katswiri wofufuza nyumba wapeza zokonza zopitirira ndalama zakuti. Mukaluza kachitatu kapena kachinayi, mtima umakuuzani kuti muchotse mfundo ya ngongoleyo kuti muoneke amphamvu. Chonde musatero, pokhapokha ndalama zonse zili kale m'manja. Mukasaina popanda mfundoyo, banki n'kukana, mumalipira chindapusa cha 10 peresenti ya mtengo wa nyumba yomwe simudzagonamo. Kwa mlendo amene chilolezo chake ndi kontrakiti yake banki imaziunika kawiri, ngozi imeneyi ndi yaikulu kuposa kwa mbadwa. Mukaluza, malonda akatha mutha kupempha biedlogboek, ndandanda wa mitengo yomwe ena adapereka, kuti muphunzire momwe dera limenelo likuyendera.

Kusaina

Makelaar akakuimbirani kuti nyumba ndi yanu, musaphe nkhuku. Mawu apakamwa samanga aliyense kufikira nonse mutasaina chikalata cha mgwirizano wogula nyumba, koopovereenkomst. Iwerengeni ndi munthu wodziwa Chidatchi, makamaka ndime zomwe wogulitsa akudzichotsera udindo chifukwa nyumba ndi yakale kapena chifukwa sadakhalemo. Mukalandira kope losainidwa muli ndi masiku atatu oti mutha kubwerera m'mbuyo popanda kupereka chifukwa kapena ndalama. Kenako mumaika 10 peresenti kwa notaris ngati chikole, kapena banki imakuimirirani ndi kalata.

Ngongole zodziwika ndi ziwiri, annuïteit, yomwe mumalipira ndalama yofanana mwezi uliwonse, ndi lineair, yomwe imayamba yokwera n'kumatsika, zonse zobweza m'zaka 30, ndipo ndi zomwe zimalola wogula watsopano kuchotsera chiwongoladzanja pa msonkho wake. Sankhaninso kuti chiwongoladzanjacho chikhazikike zaka zingati. Ngati mukudziwa kuti pakatha zaka zitatu kapena zinayi mudzabwerera kwanu, muuzeni mlangizi poyera. Kuchititsa lendi nyumba ya ngongole kumafuna chilolezo cha banki, ndipo mzinda uli ndi malamulo ake pa zimenezi.

Notaris mumasankha nokha, ndipo mitengo yawo imasiyana, ndiye funsani angapo. Pa tsiku lomaliza mumayamba mwayendera nyumba ndi wogulitsa, kuona ngati ili momwe mudagwirizanirana, ndi kujambula mamita a magetsi, gasi ndi madzi. Mukatero mumapita kwa notaris kukasaina zikalata ziwiri, cha umwini ndi cha ngongole. Ngati Chidatchi simuchimva bwino, pamafunika womasulira wolumbira, ndipo amalipira ndinu. Notaris amalembetsa dzina lanu ku Kadaster, ofesi yosunga kaundula wa malo ndi nyumba, inu n'kutuluka ndi makiyi.

Inshuwalansi ya nyumba iyambe tsiku lomwelo. Mukasamuka, dziwitsani a khonsolo adiresi yatsopano pasanathe masiku asanu. Kumayambiriro kwa chaka kudzabwera makalata a msonkho wa nyumba, wa zinyalala, wa madzi oipa ndi wa bungwe losamala ngalande ndi zipupa zotchinga madzi. Msonkho wa nyumba umawerengedwa pa mtengo womwe khonsolo yaika, WOZ, ndipo ngati mukuona kuti aukweza mopitirira, muli ndi masabata asanu ndi limodzi oti mudandaule.